Timiyala ta ayezi totembenuka mumdima

Mphepo ya ku Patagonia ilibe ulemu. Usiku wa pa 16 Julayi 2017 inkaomba mosalekeza, yozizira yolowa mpaka m'mafupa, poti kumeneko mwezi wa Julayi ndi pakati penipeni pa chisanu.

Kumpoto ndi kum'mwera kwa mzinda wa Comodoro Rivadavia, m'dziko la Argentina, anthu oposa 60 anali atamwazikana m'chipululu. Anali atandandalika matelesikopu 24 onyamulika, iliyonse kutalikirana ndi inzake makilomita anayi kapena asanu.

Telesikopu ikagwedezeka pa nthawi yolakwika, ntchito yonse yalowa m'madzi. N'chifukwa chake eni dera anabweretsa malole akuluakulu n'kuwaimika mopingasa kuti atchinge mphepo. Akuluakulu a boma anatseka msewu waukulu kwa maola awiri kuti nyali za magalimoto zisasokoneze. Magetsi a m'misewu anazimitsidwa.

Zonsezi zinali chifukwa cha kanyenyezi kamodzi kosaoneka ndi maso.

Anthuwo ankadikira kuti kazime.

Nthawi itakwana 12:50 usiku, kanazimadi. Kanazima kwa kanthawi kosakwana masekondi awiri, kenaka kanayakanso. Matelesikopu asanu okha ndi amene anajambula zimenezi, ena onse sanaone kusintha kulikonse.

Chimene chinatchinga nyenyeziyo chinali chinthu cha ayezi ndi fumbi chomwe chili pa mtunda wa makilomita oposa mabiliyoni 6 kuchokera kuno. Pa nthawiyo chinalibe dzina, chinali ndi nambala chabe: 2014 MU69. Mthunzi wake unadutsa pa Patagonia pa liwiro la makilomita pafupifupi 24 pa sekondi.

Telesikopu iliyonse mwa zisanu zija inalemba nthawi imene nyenyezi inazima ndi imene inayakanso. Akatswiri, motsogozedwa ndi a Marc Buie a ku Southwest Research Institute ku America, anasandutsa nthawizo kukhala mizere isanu papepala. Atalumikiza nsonga za mizereyo, sipanatuluke bwalo. Panatuluka zinthu ziwiri zogundana.

Panali pasanapezeke chithunzi chake ngakhale chimodzi choonetsa maonekedwe. Koma anthu oimirira pamphepo aja anali atachijambula kale ndi mawotchi.

Kuseri kwa Neptune

Mpaka chaka cha 1992, kuseri kwa pulaneti ya Neptune kunkadziwika Pluto ndi mwezi wake basi. Pa 30 Ogasiti chaka chimenecho, a David Jewitt ndi a Jane Luu, atasakasaka kwa zaka zisanu pamwamba pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, anaona kadontho kena kakuyenda pang'onopang'ono pakati pa nyenyezi. Kanali koyamba. Lero zinthu zoterezi zodziwika ndi zoposa 3,000, ndipo dera limene zambiri zili limatchedwa Lamba wa Kuiper.

Ndi kutali, ndi kozizira. Kumene kuli 2014 MU69 ndi kutali ndi dzuwa kuwirikiza 44 poyerekeza ndi dziko lathu, ndipo kuwala kwa dzuwa kumafikako kutachepa kuwirikiza pafupifupi 2,000. Kumazizira mpaka madigiri 230 kunsi kwa ziro. Pa kuzizira kotero, ayezi sasungunuka, saterera, amalimba ngati thanthwe.

Chinthu chachikulu m'mlengalenga chimabulungika chifukwa mphamvu yake yokoka imafinya mbali zonse mofanana. Kwa zinthu za ayezi, zimenezi zimayamba kuchitika chinthu chikafika makilomita pafupifupi 400 m'mimba mwake, monga Mimas, mwezi wa Saturn. Zocheperapo sizingathe kudzifinya. Zimakhala momwe zinabadwira, kapena momwe ngozi yomaliza inazisiyira.

Kumeneko kulibe mvula, kulibe mphepo, kulibe mtsinje wokokolola. Chipsera cha zaka mabiliyoni anayi chikhoza kukhalapobe lero.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa dziko lathu, umboni wa momwe mapulaneti anayambira unasungunuka kalekale. Umene watsala uli m'maonekedwe a tinthu takutali timeneti, ndiponso m'liwiro limene timatembenukira.

Vuto ndi lakuti ngakhale telesikopu ya Hubble imaona tambiri mwa ito ngati kadontho.

Kuwerenga kuphethira kwa kadontho

Tengani chimanga chachiwisi, muchigoneke patebulo, mugwade n'kumachiyang'ana cham'mbali uku mnzanu akuchitembenuza pang'onopang'ono. Chikapingasa, mukuona chimanga chonse. Chikakulozani ndi nsonga, mukuona kabwalo kakang'ono. Pa kutembenuka kumodzi chimakula kawiri n'kuchepa kawiri.

Akatswiri amachita zomwezo ndi kuwala. Amajambula kadontho kaja mobwerezabwereza usiku wonse, mawa lakenso, mkuja, n'kumayeza kuwala kwake. Kukamakwera ndi kutsika motsatira ndondomeko, amadziwa kutalika kwa tsiku la chinthucho. Kukula kwa kusinthako kumawauza kuti chinthucho n'chotalika mbali imodzi motani.

Zambiri mwa zomwe zayezedwa zimatembenuka kamodzi pa maola apakati pa 7 ndi 10. Zina zimathamanga kuposa apo. Varuna, yomwe inapezeka m'chaka cha 2000, imamaliza pa maola 6.3, ndipo a Jewitt ndi a Scott Sheppard anaonetsa mu 2002 kuti liwiroli laikoka n'kuitalikitsa. Kuchokera pa liwiro ndi maonekedwewo anawerengera kuti kulemera kwake n'kofanana ndi kwa madzi, kutanthauza kuti m'kati mwake muli mipata yambiri.

Akatswiri awiri omwewo anakumana ndi china chodabwitsa kwambiri, 2001 QG298. Pa maola 13.8 alionse kuwala kwake kunkatsika kawiri, ndipo kunkatsika mpaka kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chinthu chimodzi chosalimba m'kati sichingatalike chotero osaduka. Mu 2004 ananena kuti ndi zinthu ziwiri zokhudzana, zomwe zimabisana zikamatembenuka.

Njira imeneyi imanamizanso. Chinthu chobulungika chokhala ndi banga lakuda mbali imodzi nachonso chimawala n'kuchita mdima. Ndipo munthu akajambula masiku ochepa, manambala amamusocheretsa. Chinthu china chotchedwa Sedna chitangolengezedwa mu 2004, kunamveka kuti chimatenga masiku oposa 20 kuti chitembenuke kamodzi, mpaka akatswiri anaganiza kuti chili ndi mwezi umene unachichedwetsa. Hubble inafufuza mweziwo koma sinaupeze. Chaka chotsatira, ena atayeza bwinobwino, anapeza kuti tsiku la Sedna ndi la maola pafupifupi 10.

Ndi ntchito yotopetsa, yopanda zithunzi zokongola zoika patsamba loyamba. Koma pafupifupi zonse zimene tikudziwa za maonekedwe a zinthuzi zinabwera motere.

Haumea, waliwiro

Pa zinthu zonse zazikulu zozungulira dzuwa, palibe chotembenuka mwaliwiro kuposa Haumea, wa kuseri kwa Neptune. Tsiku lake ndi la maola 3.9. Dzuwa likatuluka, pasanathe maola awiri lalowa.

Dziko lathu nalonso n'lotupa pang'ono pakati chifukwa chotembenuka: m'mimba mwake pa ikweta ndi motalikirapo ndi makilomita 43 kusiyana ndi kuchoka kumpoto kufika kum'mwera. Colin Maclaurin wa ku Scotland anawerengera masamu a kutupa kotere m'zaka za m'ma 1740. Mu 1834, Carl Jacobi wa ku Germany anaonetsa kuti liwiro likapitirira mlingo wina, chinthu chimaleka kungotupa mofanana mbali zonse, chimayamba kutalika mbali imodzi. Kwa zaka zoposa 150 izi zinali za m'mabuku a masamu. Haumea ndiye anazionetsa poyera.

Mbali yake yotalika ndi ya makilomita oposa 2,000, kuyandikira kukula kwa Pluto. Mbali yaifupi ndi theka la pamenepo. Nsonga zake ziwiri zimathamanga makilomita oposa 1,600 pa ola, liwiro lofanana ndi la munthu woima pa ikweta ya dziko lathu, chonsecho mphamvu yokoka ya Haumea ndi yochepa kwambiri. Kungowonjezera liwiro pang'ono, nsongazo zingayambe kuthothoka.

Kupezeka kwake kunabwera ndi mkangano. Gulu la a Mike Brown ku Caltech, ku America, linkamutsata kuyambira kumapeto kwa 2004. Gulu la a José Luis Ortiz ku Sierra Nevada, ku Spain, ndi lomwe linayamba kulengeza mu Julayi 2005, pogwiritsa ntchito zithunzi za mu 2003. Bungwe la International Astronomical Union linathetsa nkhaniyi mu 2008 mosakondweretsa mbali iliyonse mokwanira: linalemba Sierra Nevada ngati malo amene anapezekera, koma linatenga dzina limene gulu la Caltech linapereka, la mulungu wamkazi wa uchembere wa anthu a ku Hawaii.

Pa 21 Januwale 2017, Haumea anadutsa kutsogolo kwa nyenyezi ina ndipo mthunzi wake unagwera ku Ulaya. A Ortiz omwewo ndiwo anatsogolera ntchito yoyeza, ndi matelesikopu 12. Nyenyezi inaphethira pang'ono Haumea asanafike, inazima iye akudutsa, kenaka inaphethiranso atadutsa. Kuphethira kuwiri kuja kunali mkombero wa tizidutswa, wa makilomita pafupifupi 70 m'lifupi, womuzungulira pa mtunda wa makilomita 2,287 kuchokera pakati pake.

Muyezo umenewu unaonetsanso kuti Haumea ndi wamkulu kuposa momwe ankaganizira, choncho ndi wopepukirapo poyerekeza ndi kukula kwakeko. Chithunzi chimene chikugwirizana ndi manambala onse ndi cha thanthwe m'kati, ayezi kunja.

Nanga anachitenga kuti chiliwiro chotere?

Mu 2007 gulu la a Brown linaona kuti pali zinthu zina zingapo zoyenda m'njira yofanana ndi ya Haumea, zonse zokutidwa ndi ayezi woyera ngati wake. Miyezi yake iwiri, Hiʻiaka ndi Namaka, nayonso ndi ya ayezi. Iwo anati ndi zibenthu za ngozi yaikulu: chinthu china chinamuomba cham'mbali kalekale, n'kumusenda chikopa cha ayezi, n'kumusiya akutembenuka mwaliwiro. Pali chovuta chimodzi. Zibenthuzo zinachoka pa liwiro lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene ngozi yotero ikanazipatsa. N'chifukwa chake ena akuti zinthu ziwiri zinakhudzana cham'mbali, n'kubwererana, n'kuphatikana, ndipo liwiro lotsatirapo ndi lomwe linamwaza ayezi pang'onopang'ono.

Mulimonsemo, Haumea ndi mwana wa chiwawa.

Kadontho kokana kuphethira

Chinthu cha ku Patagonia chija chinali ndi mwayi umene Haumea alibe: kunali chombo cholunjika kumeneko.

Chombo cha New Horizons cha bungwe la NASA chinanyamuka pa 19 Januwale 2006 ndipo chinadutsa pa Pluto pa 14 Julayi 2015. Chisanafike n'komwe pa Pluto, akatswiri anali akusakasaka china choti chikachione kutsogolo ndi mafuta otsala. Hubble ndi imene inapeza 2014 MU69 pa 26 Juni 2014.

Kuti chombo chothamanga makilomita 14 pa sekondi chisaphonye kanthu ka makilomita 36, ayenera kudziwa malo ake mwandendende. N'chifukwa chake ankathamangitsa mthunzi. Ulendo woyamba unali pa 3 Juni 2017, pamene magulu anapita ku South Africa ndi ku Argentina, koma anabwerako chimanjamanja. Wa ku Patagonia uja ndi umene unatheka. Pa 4 Ogasiti 2018 mthunziwo unadutsa ku Senegal, m'nyengo ya mvula. Akatswiri a ku Senegal, America ndi France anagawana matelesikopu n'kumwazikana m'dzikomo, ndipo awiri anaugwira ngakhale kunali mitambo.

Amene anayendetsa zokonzekera kumbali ya Senegal ndi a Maram Kairé. NASA inabwereranso m'dzikomo mu 2020 ndi 2021 kudzayeza mithunzi ya zinthu zina zokhudza chombo china chotchedwa Lucy, ndipo mu 2023 a Kairé anakhala mkulu wa bungwe latsopano la dzikolo loona za m'mlengalenga. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ya nkhaniyi sikambidwa mokwanira. Mthunzi susankha dziko lolemera. Pamene wagwera pamafunika thambo lamdima, telesikopu ya masentimita 40, wotchi yolondola ndi anthu osunga nthawi, ndipo dziko limene lili ndi anthu otero limalowa m'ntchitoyo ngati mnzawo, osati ngati woonerera.

Mu Disembala 2018, chombo chitayandikira, panabuka chodabwitsa. Mthunzi unati chinthucho n'chotalika, cha mitu iwiri. Chinayenera kuphethira kwambiri potembenuka. Koma kamera ya chombo inkaona kuwala kosasintha, tsiku ndi tsiku.

A Mark Showalter anati mwina chazunguliridwa ndi fumbi. A Anne Verbiscer anati mwina pali timiyezi tambiri tosokoneza kuwala. A Buie anati mwina chombo chikuchiyang'ana kuchokera kumene kwaloza msana umene chimatembenukirapo.

A Buie ndiwo analondola. Chimanga chija mukachiyang'ana kuchokera pamwamba pa tebulo, chimatembenuka koma sichikula kapena kuchepa.

Pa 1 Januwale 2019, nthawi ili 7:33 m'mawa pa wotchi ya kuno kwathu, New Horizons inadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500 kuchokera pa chinthucho. Pa nthawiyo sinkalankhula ndi aliyense, inali yotanganidwa kujambula. Uthenga wochokera kumeneko umatenga maola asanu ndi limodzi kuti ufike. Patatha maola pafupifupi 10, ku Applied Physics Laboratory ya yunivesite ya Johns Hopkins ku Maryland, mayi Alice Bowman, omwe ankayang'anira kayendetsedwe ka chombocho, analengeza kuti chili bwino.

Tsiku lotsatira chithunzi chinatuluka. Mitu iwiri, waukulu ndi waung'ono, yofiirira, yolumikizana pa khosi lowala. Atachiika pamwamba pa mizere isanu ya ku Patagonia, zinagwirizana.

Koma chinthucho chinali chisanamalize kudabwitsa anthu. Patadutsa mphindi pafupifupi 10 chichokereni pamene chinayandikira kwambiri, chombo chinacheuka n'kujambula cham'mbuyo. Mbali yaikulu inali mumdima, koma akatswiri anaona nyenyezi zimene zinkatchingidwa ndi zimene sizinkatchingidwa. Zithunzizo zitafika mu Febuluwale, zinaonetsa kuti mitu ija si yobulungika. Ndi yophwatalala. Malinga ndi miyezo ya nthawiyo, waukulu unali wa makilomita pafupifupi 21 m'litali ndi 20 m'lifupi, koma kuchindikala kwake kunali makilomita 9 kapena 10 okha.

Mu Novembala 2019 chinapatsidwa dzina lakuti Arrokoth, lochokera m'chilankhulo cha anthu a mtundu wa Powhatan, eni dera limene lero kuli Maryland ndi Virginia.

Khosi lopanda chipsera

Chimene chinagwira mtima akatswiri kwambiri ndi chomwe sichinaoneke.

Pa khosi la Arrokoth palibe ming'alu ikuluikulu. Palibe kuphwanyika. Mitu iwiriyo sinalowane, yangotsamirana. Zinthu ziwiri za makilomita 15 ndi 21 zikanagundana pa liwiro limene zinthu zimagundanira masiku ano m'deralo, mamita mazana angapo pa sekondi, zikanasweka. Gulu la a William McKinnon linawerengera, m'kafukufuku wotuluka mu 2020, kuti zinakhudzana pa liwiro losaposa mamita ochepa pa sekondi, mwina locheperapo kuposa la munthu woyenda pansi.

Pali umboni wina. Mitu iwiriyo ndi yolunjikana: mbali zake zophwatalala zayang'ana kumodzi, ndipo mbali zotalika zalozana. Zinthu zongokumana panjira sizingagwirizane chotero. Izi zinabadwira pamodzi, zinkazungulirana zitayang'anizana nkhope, zikuyandikirana pang'onopang'ono mpaka zinakhudzana. Mtundu wake ndi umodzi mitu yonse iwiri. Ndipo mutu waukulu ukuoneka kuti unaumbidwa ndi zigawo pafupifupi 12 zofanana kukula, zomwe malire ake akuonekabe.

Kwa zaka zambiri ophunzira ankauzidwa kuti mapulaneti anakula mwa kugundana: fumbi kumata fumbi, mwala kuomba mwala, mpaka phiri, mpaka dziko. Chiphunzitsochi chinali ndi bala lodziwika. Timiyala tikafika pa msinkhu wina timaleka kumatana, timangodumphana kapena kuswana, ndipo mpweya umene unkazungulira dzuwa pa nthawiyo unkatikokera m'kati mofulumira.

Mu 2005, a Andrew Youdin ndi a Jeremy Goodman a ku Princeton anaonetsa njira ina. Timiyala tating'ono tikamayenda m'mpweya timasonkhana m'magulu, gulu likakula limakopa tina, ndipo likafika polemera mokwanira limagwera m'kati lokha n'kupanga chinthu cha makilomita makumi angapo m'kanthawi kochepa. Mtambo wa timiyala wotere umakhala ukutembenuka, ndipo ukamafinyika liwiro limakula, kotero kawirikawiri umagawika n'kubala zinthu ziwiri zozungulirana.

M'chigawo cha Lamba wa Kuiper chimene muli Arrokoth, chomwe sichinasokonezedwe kwambiri chiyambire, zinthu zoyenda ziwiriziwiri n'zochuluka zedi. Mu 2019 a David Nesvorný ndi anzawo anayerekeza pakompyuta ndipo anapeza kuti njira ya mtamboyi iyenera kubala mapasa amene 80 mwa 100 alionse amazungulirana molowera kumene amazungulirira dzuwa. Zimene matelesikopu anayeza zinafanana ndi chiwerengero chimenechi.

Kenaka Arrokoth anabwera n'kuonetsa khosi lake.

Si zonse zamveka. Arrokoth amatembenuka kamodzi pa maola 15.9, ndipo liwiro limeneli n'locheperapo kusiyana ndi limene mapasa ongokhudzana kumene akanakhala nalo ngati ali olemera ngati nyenyezi za mchira zimene zayezedwa. Mwina china chinamuchedwetsa pambuyo pake, mwina m'kati mwake ndi mwa mphako kuposa momwe ankaganizira. Za kuphwatalala nakonso pali maganizo awiri. Ena akuti mitu ija inaphwatalala pobadwa chifukwa cha kutembenuka kwa mtambo. Gulu lina la akatswiri a ku China ndi Germany likuti dzuwa ndilo linaisema: Arrokoth amatembenuka chogona, kotero mbali imodzi imakhala padzuwa kwa zaka zambirimbiri osaona usiku, ndipo ayezi wosachedwa kuuluka anachoka kwambiri mbali zimenezo.

Opepesuka ndi osinthasintha

Pluto ndi mwezi wake waukulu, Charon, anakokana mpaka anayang'anizana kotheratu. Onse awiri amatembenuka kamodzi pa masiku 6.4, nthawi yomweyo imene amazungulirana. Eris, winanso wa kuseri kwa Neptune, ndi mwezi wake Dysnomia zikuoneka kuti anafikanso pomwepo, pa masiku 15.8.

Timiyezi tina tinayi ta Pluto sitinamvere lamulo limeneli. Hydra, ya makilomita pafupifupi 50, imatembenuka pa maola 10 okha, maulendo 89 pa ulendo umodzi wozungulira Pluto. Nix imatembenuka chobwerera m'mbuyo, chopendekeka. Mu 2015 a Showalter ndi a Douglas Hamilton anaonetsa kuti kukoka kosinthasintha kwa Pluto ndi Charon kukhoza kupepesula tinthu totalika mbali imodzi chotere, moti sungalosere kumene dzuwa lidzatulukire pakapita nthawi.

Zina mwa zinthu za kuseri kwa Neptune zimakankhidwira kufupi ndi dzuwa n'kusanduka nyenyezi za mchira. Zikafika kuno, bata limatha. Chombo cha Rosetta cha mayiko a ku Ulaya chitafika pa 67P/Churyumov-Gerasimenko mu Ogasiti 2014 chinapeza mitu iwirinso ndi khosi, koma khosi lake linali ndi mng'alu. Dzuwa likatenthetsa ayezi, mpweya umatuluka mwamphamvu m'malo ena n'kukankha chinthu chonse. Tsiku la 67P linali la maola 12.4 pamene Rosetta inkafika, ndipo pamene inkamaliza ntchito mu 2016 linali litafupika ndi mphindi pafupifupi 20. Ina, yotchedwa 41P, inachita zosiyana mu 2017: tsiku lake linatalika kuchoka pa maola 20 kufika pa oposa 46 m'miyezi iwiri yokha.

Choncho maonekedwe a nyenyezi ya mchira ndi umboni wogwiridwagwiridwa. Sungadziwe mosavuta kuti khosi lake ndi lachibadwa kapena linasemedwa ndi dzuwa. Ichi ndi chimene chimachititsa Arrokoth kukhala wamtengo wapatali: sanayandikirepo dzuwa.

Koma ndi mmodzi yekha. Mwa tinthu tonse ta m'chigawo chake, ndi iye yekha amene chombo chinamuona pafupi, ndipo palibe chombo china chimene chili panjira yopita kumeneko. Munthu sangamange chiphunzitso chonse cha chiyambi cha mapulaneti pa mboni imodzi, ngakhale mboniyo ilankhule momveka bwanji.

Mboni zina zidzachokera pa phiri la Cerro Pachón ku Chile, kumene telesikopu ya Vera C. Rubin, ya galasi la mamita 8.4, inatulutsa zithunzi zake zoyamba mu Juni 2025. Kwa zaka 10 izijambula thambo lonse la kum'mwera mobwerezabwereza, masiku angapo alionse. Akuyembekezera kuti ipeza zinthu za kuseri kwa Neptune masauzande makumi angapo, ndipo chilichonse chidzajambulidwa kambirimbiri, kutanthauza kuti kuphethira kwake kudzalembedwa popanda munthu kuchilondalonda chokha usiku wonse.

A Audrey Thirouin a ku Lowell Observatory ndi a Sheppard anayeza kale zochepa mwa njira yakale ija, ndipo anapeza kuti m'magulu ena mapasa okhudzana ndi ochuluka kuposa momwe aliyense ankaganizira. Mwa masauzande amene Rubin ipeze, akatswiri akufuna kuwerenga kuti ndi angati ali ndi mitu iwiri, ndi angati ali ophwatalala, ndiponso ndi angati amatembenuka chogona ngati Arrokoth.